Momwe mungabayire jakisoni wa dzanzi potsatira mitsempha ya m'kamwa ndi kumaso

Malangizowa ndi a inu amene mukuphunzira za mano, kaya ku Malawi College of Health Sciences kaya pa maphunziro a udokotala wa mano omwe anayamba mu 2019 ndipo tsopano ali pansi pa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ndi anunso amene mwangotumizidwa kumene pachipatala pomwe mpando wozulirapo mano ndi umodzi, mzere wafika pakhonde. Salowa m'malo mwa mphunzitsi woima pambali panu n'kumayang'ana dzanja lanu. Akungokuthandizani kudziwa chomwe nsonga ya singano ikufunafuna ikalowa mu mnofu.

Dzino lililonse lomwe mukufuna kuzula lili ndi mitsempha itatu yonyamula kumva yoti igone: wolowa m'dzino lenilenilo, wa nkhama za mbali ya tsaya, ndi wa nkhama za mkati. Musanatole sirinji, itchuleni itatuyi chamumtima. Wodwala akakuwa pozula, kawirikawiri si kuti mankhwala ndi ofooka kapena kuti munthuyo ndi wamantha. Pali mtsempha umodzi womwe mwaudumpha.

1. Khalani ndi mapu m'mutu

Kumva kwa mano, nkhama, milomo ndi khungu la kumaso kumadutsa mu mtsempha wa trigeminal, wachisanu mwa mitsempha yotuluka mu ubongo. Mbali iliyonse ya nkhope ili ndi wakewake, ndipo umagawika patatu usanatuluke m'chigaza. Nthambi ya ophthalmic imapita pamphumi, chikope chakumwamba ndi pamsana pa mphuno. Nthambi ya maxillary imatulukira pa kabowo ka m'chigaza kotchedwa foramen rotundum n'kutenga mano onse akumwamba, kumwamba kwa m'kamwa, mlomo wakumwamba ndi tsaya la pansi pa diso. Nthambi ya mandibular imatulukira pa kabowo kena kotchedwa foramen ovale n'kutenga mano akumunsi, mlomo wakumunsi, chibwano ndi mbali yakutsogolo ya lilime. Ndi yokhayi yomwe imayendetsanso minofu yotafunira.

Kumwetulira, kutsinzina ndi kukwinya pamphumi si ntchito ya trigeminal. Imeneyo ndi ya mtsempha wa facial, wachisanu ndi chiwiri, womwe umadutsa mkati mwa parotid, kachiwalo kopanga malovu kali kutsogolo kwa khutu, komwe kamatupa mwana akadwala matsagwidi. Malo amenewa muwasunge m'mutu chifukwa singano yolowa mopitirira imakathera komweko.

2. Mvetserani ululuwo musanakhulupirire kuti ndi wa dzino

Wodwala amaloza dzino, koma chala chake si umboni. Mano akumwamba ndi akumunsi amatumiza uthenga kudzera mu mtsempha umodzi, choncho munthu angaloze kumwamba pomwe chobowoka chili kumunsi. Chomwe sasokoneza ndi kumanja ndi kumanzere. Dzino lotafunira lakumunsi limathanso kumveka m'khutu, mpaka munthu kumwa mankhwala a khutu kwa masabata. Gogodani mano amodziamodzi, yesani ndi chozizira, pezani lolakwa ndi maso anu.

Mukapanda kupeza dzino lolakwa, ikani zida pansi. Ululu wobwera mwadzidzidzi ngati magetsi, wotha m'masekondi ochepa kapena mphindi imodzi kapena ziwiri, woyamba munthu akamasamba kumaso, kutsuka mano kapena akawombedwa ndi mphepo, nthawi zambiri kwa munthu wopitirira zaka 50, ndi trigeminal neuralgia. Mankhwala ake oyamba ndi carbamazepine. Anthu otere amafika atazulidwa kale mano awiri atatu abwinobwino kwina, ululu uli pomwepo. Musawonjezere lina.

Mashingozi nawo amatsata nthambi imodzi n'kuima ndendende pakati pa nkhope, ndipo ululu woyaka umayamba masiku angapo matuza asanatuluke. Mukawaona, mulangizeni munthuyo kuyezetsa HIV. Matuza akafika pansonga ya mphuno, diso lili pangozi, apite kwa a maso tsiku lomwelo. Mano angapo akumwamba akamawawa pamodzi munthu ali ndi chimfine, n'kumakula akawerama, ganizirani za sinus, mphako ya m'fupa la tsaya yolumikizana ndi mphuno. Nsagwada yowawa munthu akamakwera chitunda, n'kusiya akapuma, ndi nkhani ya mtima.

Chinanso ndi dzanzi lomwe inu simunayambitse. Munthu wagwa pa kabaza, mlomo wakumunsi wachita dzanzi, mano sakulumana bwino: nsagwada yathyoka podutsa ngalande ya mtsempha. Dzanzi la tsaya ndi mlomo wakumwamba pambuyo pa chibakera limaloza fupa la tsaya kapena la pansi pa diso. Mwana wotupa nsagwada mofulumira, mano akugwedera popanda chobowoka, mwina chibwano chachita dzanzi, angakhale ndi Burkitt lymphoma, khansa yomwe imapezeka kwambiri mwa ana kuno kwathu. Kuzula mano ogwederawo ndi kumutayitsa nthawi. Mutumizeni lero.

3. Funsani, kenako werengani mlingo

“Bambo, mwadyako kanthu m'mawawu?” Funso limeneli musalidumphe. Ambiri amachoka kunyumba m'bandakucha osadya, usiku osagona ndi ululu, ndipo amakomoka akangoona singano. Funsaninso za bipi, mtima, shuga, khunyu, mimba, mankhwala omwe akumwa, ndiponso ngati jakisoni wa dzanzi anawavutapo.

Mankhwala a dzanzi a lignocaine wa 2% ali ndi 20 mg pa mililita iliyonse. Katiriji (kabotolo ka mankhwala kolowa m'sirinji) ya 1.8 ml ndi 36 mg, ya 2.2 ml ndi 44 mg. Mabuku amalola mpaka 7 mg pa kilogalamu kwa wamkulu ngati m'mankhwalawo muli adrenaline, koma ine ndimakonda malire otsika a 4.4 mg pa kilogalamu, makamaka kwa ana. Mwana wa makilogalamu 20 malire ake ndi 88 mg, omwe ndi makatiriji awiri a 2.2 ml basi. Muyezeni pasikelo, musayerekeze ndi maso. Kwa wodwala mtima, adrenaline asapitirire 0.04 mg, pafupifupi makatiriji awiri a 1.8 ml okhala ndi adrenaline wa 1:100,000. Ngati muli ndi lignocaine wa m'botolo wopanda adrenaline, dziwani kuti amatha msanga, choncho zida zonse zikhale pafupi musanabaye.

4. Mano akumwamba

Apa mpofewa. Fupa lakumwamba ndi lopyapyala ndipo limamwa mankhwala ngati njerwa yosawotcha ikathiridwa madzi, choncho mumangoika mankhwalawo pafupi ndi nsonga ya muzu. Kwezani mlomo kapena tsaya mpaka mnofu utakungika, lowetsani singano yaifupi pomwe nkhama zakumana ndi tsaya, motsata kutalika kwa dzino, mamilimita ochepa. Kokani kaye chokankhira cha sirinji kuti muone ngati mukubwera magazi, kenako thirani pang'onopang'ono pafupifupi mililita imodzi.

Mitsempha yomwe mukugonekayo ndi nthambi za superior alveolar. Ya anterior imatenga mano akutsogolo ndi dzino losongoka, ya middle imatenga ma premolar (mano awiri otsatira dzino losongoka) ngakhale anthu ambiri alibe nthambiyi, ndipo ya posterior imatenga ma molar (mano akuluakulu otafunira akumbuyo). Molar woyamba ndi wovutirapo chifukwa muzu wake wakutsogolo umatha kulandira nthambi ina, komanso fupa la tsaya limakhuthala pamwamba pake. Bayani kutsogolo ndi kumbuyo kwake.

Nkhama za mkati zili ndi eni ake. Kuyambira dzino losongoka kubwerera kumbuyo ndi greater palatine, kutsogolo kwake ndi nasopalatine. Jakisoni wa apa ndi wowawa kuposa onse chifukwa mnofu unamatirira fupa. Tsindikani kaye pamalopo ndi thonje la pakamtengo kwa kanthawi, bayani pambali pake mukutsindikabe, thirani madontho ochepa mpaka nkhama zitayera. Kupitirira pamenepo ndi kungomuzunza munthu.

Jakisoni wolowa kumbuyo kwa molar womaliza kuti mugoneke mtsempha wonse wa posterior superior alveolar ndi wabwino, koma singano isalowe kupitirira mamilimita 16. Kuseri kwake kuli mitsempha ya magazi yambirimbiri, ndipo mukaiboola tsaya limatupa muli chiyang'anire. Zikatero tsindikani, ikani chozizira, muuzeni kuti chidzada kenako chidzabalalika m'sabata imodzi kapena ziwiri.

5. Mano akumunsi: pezani malo ndi chala musanawapeze ndi singano

Fupa lakumunsi ndi lolimba, mankhwala salowa kufika ku mizu ya ma molar a munthu wamkulu. Muyenera kukaugwira mtsempha wa inferior alveolar usanalowe m'fupa, pakabowo ka mandibular foramen, mkati mwa mbali yoimirira ya nsagwada. William Halsted anachita zimenezi koyamba ku New York mu 1884 pogwiritsa ntchito cocaine, yemwe pambuyo pake anamugwira iye mwini ukapolo. Mankhwala anasintha, lignocaine anapangidwa ndi Nils Löfgren ku Sweden mu 1943, koma malo obayapo ndi omwewo.

Tengani singano yaitali, ya pafupifupi mamilimita 35. Yaifupi ayi, yopyapyala kwambiri ayi, ndipo musaipinde. Singano imathyokera patsinde, choncho isalowe yonse mpaka kubisika.

Wodwala ayasamule kwambiri. Lowetsani chala chachikulu m'tsaya, tsatani m'mphepete mwakutsogolo mwa fupa loimiriralo mpaka mutapeza pomwe lalowa mkati kwambiri. Pamenepo ndi coronoid notch, ndipo pakukupatsani msinkhu. Chala cha mkombaphala chigwire kunja, kumbuyo kwa nsagwada pansi pa khutu. Tsopano m'lifupi monse mwa fupalo muli pakati pa zala zanu ziwiri, ndipo kabowo kali cha pakatikati, kopendekera kumbuyo pang'ono.

Yang'anani kamzere ka mnofu kotsika kuchokera kumbuyo kwa molar womaliza wakumwamba kufika kumbuyo kwa wakumunsi, kotchedwa pterygomandibular raphe. Pakati pa kamzereka ndi chala chanu pali kadzenje. Mubaya m'kadzenjemo, pafupi ndi kamzereko koma kunja kwake, mamilimita 6 mpaka 10 pamwamba pa mano otafunira akumunsi. Ophunzira ambiri amabaya pansi kwambiri. Mankhwala otsikira pansi pa kabowo safika pamtsempha chifukwa pamenepo walowa kale m'fupa, pomwe okwera pang'ono amaupezabe. Mukakayika, kwezani.

Sirinji ichokere mbali inayo, itagona pamwamba pa ma premolar. Lowani pang'onopang'ono mpaka nsonga itagunda fupa mofewa, pa mamilimita 20 mpaka 25, kutanthauza kuti gawo lina la singano likuonekabe kunja. Kugunda fupaku ndi chitetezo chanu chonse. Mukaligunda msanga, singano italowa sentimita imodzi yokha, muli kutsogolo kwambiri: bwererani pang'ono, sunthirani sirinji cha ku mano akutsogolo, lowani kudutsa chopingacho, kenako ibwezereni pa ma premolar. Mukalowa kwambiri osagunda kanthu, mwapita kumbuyo, kulunjika ku parotid: bwererani, sunthirani sirinji cha ku ma molar a mbali inayo, lowaninso. Popanda fupa, musathire ngakhale dontho.

Mwagunda fupa. Bwererani milimita imodzi, kokani. Mtsempha wa magazi umayenda limodzi ndi mtsempha mukuufunawo, ndipo pa jakisoni uyu magazi amabwera m'sirinji kamodzi pa majakisoni pafupifupi khumi. Akabwera, sunthani singano, kokaninso. Akapanda, thirani 1.5 ml kwa mphindi yathunthu. Mphindi ndi yaitali kunja kukakhala mzere, koma kuthira mothamanga kumawawa, ndipo ngati mwalowa mu mtsempha wa magazi osadziwa, kufulumirako ndi komwe kumagwetsa munthu. Wodwala akadzidzimuka n'kunena kuti chamugwira ngati magetsi pamlomo kapena palilime, nsonga yakhudza mtsempha weniweniwo. Bwererani pang'ono musanathire, ndipo zilembeni m'buku lake.

Potuluka, singano ikafika theka, imani, kokani, thirani madontho angapo. Pamenepo pamadutsa mtsempha wa lingual, wa nkhama za mkati, pansi pa lilime ndi magawo awiri mwa atatu a lilime. Wachitatu ndi long buccal, yemwe amaiwalidwa kuposa onse: amatenga nkhama za mbali ya tsaya pa ma molar, ndipo jakisoni woyamba uja samufika. Bayani pakati pa tsaya ndi nkhama, kumbuyo ndi kunja kwa molar womaliza, mamilimita awiri kapena atatu, 0.3 ml yokha.

Kwa mwana wamng'ono kabowo kamakhala kotsika, pamsinkhu wa mano kapena pansi pang'ono, ndipo simulowa kwambiri. Kwa agogo opanda mano, msinkhu wa mano palibe, dalirani chala chachikulu chija. Ma premolar ndi mano akutsogolo mungawagonekenso pa mental foramen, kabowo ka pansi pa mizu ya ma premolar, koma nkhama za mkati zifunabe jakisoni wawo. Mano apakati akutsogolo amalandira tinthambi tochokera mbali inayo, choncho onjezani pang'ono pafupi ndi dzinolo.

6. Dikirani, kenako yesani

Perekani mphindi zitatu mpaka zisanu. Musafunse kuti “Mwachita dzanzi?” chifukwa munthu waulemu amangoti eya kuti asakuchedwetseni. Funsani kuti, “Amayi, mlomowu ukumveka bwanji mukauyerekeza ndi mbali inayi?” Yankho lomwe mukufuna ndi lakuti walemera, wanenepa, kapena ukumveka ngati si wawo, kufika pakati penipeni. Lilime likachita dzanzi koma mlomo ayi, mwagwira lingual yekha, inferior alveolar mwamuphonya.

Mlomo wolemera ukungotanthauza kuti mankhwala afika pamtsempha, sukutsimikiza kuti mkati mwa dzino mwagona. Tengani chida chosongoka, tsindikani nkhama mbali ya tsaya, mbali ya lilime, kenako pakati pa dzino ndi nkhama. Mufotokozereni kusiyana kwa kukankha ndi kuwawa: “Mumva ndikukankha ndi kugwedeza, zimenezo sizichoka. Koma mukamva kubaya, kwezani dzanja lamanzere, ndisiya.” Akakweza, siyanidi.

7. Akakana kugwira

Jakisoni wa inferior alveolar amalephera kamodzi pa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ngakhale m'manja mwa akatswiri, choncho si chamanyazi. Mlomo ukapanda kulemera pakatha mphindi khumi, werenganinso mlingo, bayaninso mokwererapo. Mlomo ukalemera koma molar woyamba akuwawabe, mwina kamtsempha ka mylohyoid kakulowetsa nthambi kuchokera mkati: thirani pang'ono mbali ya lilime, pansi pa dzino lotsatira kumbuyo. Mungathirenso madontho ochepa mothinikiza pakati pa muzu ndi fupa. Articaine wa 4%, mtundu wina wa mankhwala a dzanzi, akapezeka, kumubaya mbali ya tsaya pa molar kumathandiza kwambiri.

Pamalo pa mafinya mankhwala sagwira bwino chifukwa mnofu wotupa umakhala ndi asidi wambiri, ndipo singano yodutsa m'chotupa imakankhira tizilombo mkati. Gonekani mtsempha kutali ndi chotupacho.

Kwa munthu wosatha kuyasamula pali njira yomwe Joseph Akinosi wa ku Lagos anafotokoza mu 1977. Mano amakhala olumana, singano imayenda mofanana ndi mano akumwamba, pamsinkhu pomwe nkhama za ma molar akumwamba zakumana ndi tsaya, n'kulowa mamilimita 25 pakati pa nsagwada ziwirizi popanda kugunda fupa. Njira ya Gow-Gates ya mu 1973 imalunjika pakhosi pa fupa lolumikizira nsagwada n'kugoneka nthambi zambiri nthawi imodzi. Zonse ziwiri muziphunzire pali wokuyang'anirani. Koma fufuzani kaye chomwe chatseka kamwalo. Ngati ndi chotupa cholimba pansi pa chibwano mbali zonse, lilime lakwera, malovu akutuluka, thupi latentha, mawu asintha, imeneyo ndi Ludwig's angina, yomwe imatseka njira yopumira. Si ya pampando wanu. Apite kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo.

8. Zikachitika zosayembekezera

Wokomoka mugonekeni chagada, miyendo m'mwamba, amadzuka posachedwa. Mtima wothamanga ndi kunjenjemera jakisoni atangolowa ndi adrenaline, zimatha m'mphindi zochepa. Koma kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kulira m'makutu, chizungulire, kulankhula mosokonekera kapena kugwedezeka kwa minofu ndi zizindikiro zoti mankhwala achuluka m'magazi. Siyani zonse, perekani oxygen, itanani thandizo, konzekerani kuti angagwe ngati wakhunyu.

Nkhope ikapotoka pambuyo pa jakisoni, diso osatsinzinika, pakamwa patakhotera mbali ina, mwathira mu parotid. Achibale adzati ndi sitiroko. Muuzeni wodwala akweze nsidze: ngati mbali yonse yafa, mphumi yomwe, manja ndi miyendo zili ndi mphamvu, ndi mtsempha wa facial womwe wagona, ndipo udzuka pakatha maola ochepa. Pa sitiroko mphumi imakwinyikabe, ndipo nthawi zambiri dzanja kapena malankhulidwe zimakhudzidwa. Ntchito yanu ndi kuteteza diso: litsekeni ndi chikope, ikani kansalu koyera ndi pulasitala mpaka litayamba kuphethira lokha.

Kuuma nsagwada tsiku lotsatira kumabwera singano ikavulaza mnofu wa medial pterygoid, makamaka mukabaya kangapo. Kuthowa ndi kansalu kofunda, mankhwala opha ululu ndi kuyasamula pang'onopang'ono kangapo patsiku zimathandiza. Kukamakula m'malo mochepa, kapena thupi likatentha, ganizirani mafinya.

Pa dzino lomaliza lakumunsi samalani ndi lingual. Pamenepo mtsemphawu umadutsa pansi pa nkhama chabe, utatsamira fupa mbali ya lilime, ndipo kwa anthu ena umakwera mpaka m'mphepete mwa fupalo. Mukamacheka kumbuyo kwa dzinolo, mpeni ulunjike kunja cha ku tsaya, muli pafupa. Chida chotukulira chisaterereke kulowera kulilime. Mtsemphawu ukaduka munthu amataya kumva ndiponso kulawa mbali imeneyo, chifukwa ulusi wa chorda tympani, mtsempha wonyamula kulawa, umayenda mkati mwake. Mizu ya dzino lomweli imathanso kugundana ndi ngalande ya inferior alveolar, choncho lopendekeka kapena lokwiririka lisazulidwe popanda X-ray.

9. Mawu omaliza kwa wodwala, ndi tsiku lobweranso

Dzanzi la mlomo ndi lilime limakhala maola atatu mpaka asanu ngati mankhwala anali ndi adrenaline. Asamwe tiyi kapena phala lotentha, asatafune mbali imeneyo mpaka kumva kutabwerera. Kwa mwana, lankhulani ndi mayi ake: “Amayi, mumuyang'anire asalume mlomo kapena kuukanda, sakuumva.” Mawa lake ana otere amabwera ndi chilonda choyera chotupa pamlomo, makolo n'kumati jakisoni ndiye wawotcha.

Muuzeni aliyense kuti dzanzi likafika mawa abwerenso. Akabwera, yesani ndi thonje ndiponso ndi chosongoka, maso ake atatsinzina, jambulani m'buku malire a malo osamvawo ndi deti lake, yesaninso kulawa ndi mchere kapena shuga ngati ndi lilime. Ambiri amachira okha m'masabata asanu ndi atatu, ndipo kuyamba kumva kunyerenyetsa ndi chizindikiro chabwino. Muoneni pakatha masabata awiri, muyerekeze ndi chojambula choyamba. Ngati malowo sakuchepa, ngati dzanzi lasanduka ululu woyaka, kapena ngati mukudziwa kuti mpeni unadutsa pamtsempha, lembani kalata yonena tsiku, mankhwala, mlingo ndi chomwe chinachitika, mumutumize kwa madokotala a opaleshoni ya m'kamwa ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth miyezi itatu isanakwane, chifukwa mwayi wolumikiza mtsempha umachepa nthawi ikamapita.